Chikuto Pachiliza cha Aphunzitsi Nkhoma

"Buku lija mwabwera nalo?"

Cecilia anali asanatsike n'komwe panjinga yamoto imene inamunyamula kuchokera pa Sinda. Mwendo umodzi unali pansi, wina udakali m'mwamba, nkhope ili mbuu ndi fumbi. Anamuyang'ana mlongo wake wamng'ono, Gilbert, amene anaima pakati pa bwalo foni ili m'manja.

"Moni wako ndi ameneyo, Gilbert? Sufunsa kuti ndayenda bwanji?"

"Pepani achemwali, mutu wanga wazungulira ndi ntchito. Mwayenda bwanji? Nanga buku?"

"Lili m'chikwama. Silithawa."

Linali tsiku Lachisanu. M'mawa mwake kunali mwambo wovundukula chiliza cha atate awo, malemu aphunzitsi Enock Nkhoma, ndipo pakhomo panali piringupiringu. Amayi a Chigwirizano ankasankha nyemba pamkeka, azibambo ankakoka zingwe za tenti, mbuzi ziwiri zinkalira pamtengo wa mango.

Aliyense amene anapita kusukulu kuno kum'mawa zaka zakale ankawadziwa aphunzitsi Nkhoma, ngakhale amene sanawaonepo nkhope. Ndiwo analemba kabuku ka ana kotchedwa Nkhanga ya Tisa, konena za mtsikana amene anatola dzira la nkhanga n'kuliikira nkhuku ya amayi ake. Ana ambiri anaphunzira kuwerenga ndi kabuku kameneka. Mpaka lero, m'shopu ya Cecilia yosokera mayunifolomu ku Katete, munthu wa imvi akamva kuti telalayu ndi mwana wa a Nkhoma amaima njo ngati ali m'kalasi n'kuyamba yekha: "Tisa anatola dzira m'thengo. Silinali dzira la nkhuku." Akatero amaseka mpaka misozi.

Koma bukulo linasowa. Maphunziro atasintha linachotsedwa m'sukulu, ndipo kampani imene inkalisindikiza inatseka. Mabuku otsala anatumizidwa kwa mwiniwake, ndipo aphunzitsiwo anawasanja m'bokosi lalikulu lachitsulo kuchipinda kwawo. Atamwalira, nyumba ndi bokosilo zinatsala m'manja mwa Gilbert. Cecilia anali atalonjeza mnzake Rachael, mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono ku Katete, kuti pobwerera adzamutengerako mabuku angapo m'bokosimo, chifukwa Rachael anali atafunafuna m'sukulu zonse osapeza ngakhale limodzi lathunthu. Buku lakelake Cecilia, limene atate ake anamupatsa tsiku la ukwati wake atalembamo mawu ndi dzanja lawo, linali m'chikwama, lokulungidwa m'chitenje.

Gilbert anamukokera pambali n'kumuonetsa chithunzi pafoni.

"Chiliza chotere sichinaonekepo kuno, achemwali. Matailosi ndinakagula ku Chipata. Onani kumutuku, kuli kawindo ka galasi. M'katimo tiikamo buku, kenako titseke ndi simenti kuti madzi asalowe. Aliyense wodutsa aziona kuti apa panagona wolemba mabuku, osati munthu wamba."

"Wodutsa kumanda ndani, Gilbert? Afisi?"

"Musachite nthabwala. Mawa kubwera akuluakulu a maphunziro, abusa atatu, ndi anthu a wailesi."

"Ndiye pafoni paja unkati ndibwere nalo alendo alione, chonsecho ufuna kulikwirira?"

"Si kukwirira, ndi kusunga. Lanu lija lili ndi dzanja la atate."

"Dzanja la atate lili m'kati. Pagalasi lioneka bwanji? Katenge limodzi m'bokosi muja. Ndipo undipatse kiyi, ndili ndi lonjezo kwa munthu."

Gilbert anaika foni kukhutu, ngakhale Cecilia sanaimve ikulira. "Halo? Inde bwana, ndikubwera." Anatembenukira kwa mlongo wake akuyenda kale. "Mmisiri akudikira kumanda. Mukapuma mubwere nalo, galasi liyenera kumatidwa lero kuti liume."

Mkazi wa Gilbert, Lydia, amake a Wisdom, anamulandira chikwama n'kumuyalira mkeka pakhonde. Anali mayi wakhama, wa ku Vubwi kufupi ndi malire, amene ankakazinga zitumbuwa zogulitsa pamsewu. Anabwera ndi tiyi ndi mbale ya zitumbuwa zotentha. Cecilia anamwa tiyi, nadya chimodzi, kenako anapempha njira ya kuchimbudzi.

Chimbudzicho chinali kuseri kwa khola la nkhumba, cha njerwa zosawotcha, pakhomo palendewera thumba la feteleza m'malo mwa chitseko. Dzuwa la Okutobala linali litachitenthetsa kuyambira m'mawa, ndipo fungo linakumana naye ali patali. M'kati munali ntchentche zobiriwira zikulira. Pakhoma panali msomali, pamsomalipo waya wopindika, ndipo pawayapo anatungapo mapepala. Cecilia sanawayang'ane poyamba. Anatambasula dzanja ngati mmene aliyense amachitira, ndipo dzanjalo linaima m'malere.

Papepala lapamwamba panali chithunzi cha kamtsikana katagwada, kakumanga kabango kumwendo wothyoka wa kamwanankhanga. Pansi pa chithunzicho panali mawu a zilembo zikuluzikulu: "Usaope, anatero Tisa. Mwendo wako udzapola." Theka la tsambalo linali litang'ambidwa kale.

Chithunzi chimenecho atate ake anachijambula okha, tsiku lina Loweruka pansi pa mango omwewo amene anamangapo mbuzi. Anamugwaditsa iye Cecilia pafumbi, atagwira kamwanapiye, mpaka maondo anachita dzanzi. Makutu otuluka a Tisa anali ake. Chigamba cha pa diresi chinali chake. Atate akalemba tsamba ankamuwerengera iyeyo, ndipo pamene wayasamula ankafufutapo n'kulembanso. Anali munthu woika beseni la madzi ndi sopo pakhomo la kalasi, ndipo mwana wosasamba m'manja buku sankaligwira. Wonyambita chala potembenuza tsamba ankatuluka panja.

Cecilia anayang'ana pansi. M'mphepete mwa dzenje munali pepala lina lofwanyika limene linaphonya kulowa. Ntchentche zinali zitaunjikana pamenepo, koma pakati pa zonyansazo mawanga a nkhanga ankaonekabe.

Malovu anadzaza m'kamwa mwake. Anachotsa waya uja pamsomali ndi zala ziwiri, natuluka mothamanga, ndipo kuseri kwa khola anasanza tiyi yense ndi chitumbuwa chija. Nkhumba zinabwera kudzasuzumira pampanda.

Anamupeza Lydia kukhitchini akukanda ufa.

"Alamu, mapepala awa achokera kuti?"

Lydia anayang'ana waya uja nagwira pakamwa. "Kalanga ine, achepa eti? Pepani alamu, ndi alendowa. Mawa ndipachika manyuzipepala, a apongozi aja ndi omaliza amenewa."

"Omaliza?"

"Eya. Anatithandiza nthawi yaitali ndithu."

Cecilia anakhala pansi pamtondo. "Bokosi lija lili kuti?"

"Lili momwemo kuchipinda. Muli mbewu ya nsawa. Makoswe anatisautsa chaka chija, ndiye bambo a Wisdom anati bokosi lachitsulo likungokhala ndi mabuku a silabasi yakale, opanda ntchito. Anawakhuthulira m'matumba. Ena anavumbwa ndi mvula, ena chiswe. Abwinoabwino ndinkakulungira zitumbuwa. Ndi pepala labwino, alamu, limamwa mafuta, silidontheza m'manja. Aganyu otola thonje nawo ankapempha opichirira fodya. Otsalawo ndiye anapita uko." Analoza ndi chibwano kuseri kwa khola.

Ankalankhula mosabisa, ngati munthu wofotokoza mmene anagawira chimanga m'nyengo ya njala.

"Zikuto zokha ndiye zinatikanika," anapitiriza. "N'zolimba, sizipindika. Timangokupizira moto."

Anaimirira n'kusolola mulu wa zikuto kudenga la khitchini. Cecilia anazitsegula chimodzichimodzi. Pachilichonse panali nkhanga itaima pachulu, ndi dzina la atate ake pansi. M'kati munalibe kanthu, ulusi wokha umene unkagwira masamba.

"Mumadziwa kuti analemba ndi apongozi anu?"

"Ndimadziwa. Koma mwana wawo weniweni atanena kuti alibe ntchito, ine wobwera ndikanati chiyani? Sukulu ine ndinalekera koyambirira, alamu, zilembo zimangondiyang'ana. Ndinkangoona kamtsikana ndi kankhuku kake."

"Si nkhuku. Ndi nkhanga. Ndipo kamtsikanako ndine."

Lydia anayang'ana tsamba la pawaya, kenako makutu a mlamu wake, kenako tsamba lija. Manja ake a ufa anagwa pamiyendo. "Mayo ine," anatero chapansipansi. "Ndiye takhala tikukuchitani zotani?"

Cecilia ananyamuka pamtondo paja. Anasankha chikuto chimodzi chosapsa kwambiri, natenga chikwama chake ndi waya uja, nalowera njira ya kumanda.

Adzukulu okumba manda anali atalambula kale njirayo ndipo anamulola kulowa. Chilizacho chinali chachitali kuposa zonse, cha matailosi akuda onyezimira, moti manda a amayi awo pambalipo ankaoneka ngati mzere wa mbatata. Mmisiri, bambo Lawrence, anali atanyonyomala pafupi ndi kawindo kaja, galasi lili pambali, simenti ili m'beseni. Gilbert ankawerenga mapepala otayipa mokweza, dzanja lina likuvina m'mwamba. Ankayeserera zokalankhula mawa.

"Aa, mwafika. Tipatseni, a Lawrence amate."

Cecilia anakweza waya uja pafupi ndi mphuno yake. Gilbert anabwerera m'mbuyo.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi atate. Ndawapeza pamsomali, kuseri kwa nkhumba zako."

Bambo Lawrence anayamba kutakasa simenti imene inali yotakasa kale.

"Achemwali, musandichititse manyazi pamaso pa anthu. Ndi mapepala chabe amenewo. Atate sali m'mapepala, ali m'mitima ya anthu."

"Ali m'dzenje, Gilbert. Ndawaona ndi maso angawa, ntchentche zili pamwamba. Bokosi lonse lija! Sukanandiimbira foni kuti ndidzatenge? Sukanapereka kutchalitchi, kusukulu ya pafupiyi? Mwana wako Wisdom anamaliza sukulu yonse osaliwerengapo, chonsecho ankalipeza tsiku lililonse m'mawa."

"Bokosi linkafunika."

"Migolo ya pulasitiki yadzaza pa Sinda."

Gilbert anapinda mapepala ake, nkhope itauma. "Inu mumalankhula chifukwa munali Tisa. Ine ndinali ndani? Ndinali mwana wa wolemba mabuku amene ankachita chibwibwi patsamba loyamba, kalasi yonse ikuseka, atate ali chilili ndi choko m'manja. Anzanga ankalira ngati nkhanga ndikamadutsa. Komabe ndani wamanga chiliza ichi? Ndani waitana alendo? Ine. Ndagulitsa ng'ombe kuti dzina lawo lisafe."

Mawu amenewo anamulasa Cecilia pang'ono, chifukwa chibwibwicho ankachikumbukira. Koma waya unali m'dzanja lake ndipo unkanunkhabe.

"Buku lili m'chikwamamu ndi lokhalo latsala lathunthu. Ukudziwa zimenezo?"

"N'chifukwa chake liyenera kukhala pamalo aulemu."

"Pamalo pamene mwana aliyense amaopa kupondapo. Lidzachita nkhungu mvula yoyamba, ndipo palibe adzalitsegulenso."

"Nanga mawa nsalu ikachotsedwa anthu aone chibowo? Ndalengeza kale pa wailesi kuti muli buku."

"Amayi, bwana," anatero bambo Lawrence osakweza mutu, "simenti yanga ikuuma. Ndiuzeni choika."

Cecilia anatulutsa chikuto chija n'kuchiponya pamatailosi. "Ika ichi. N'chimene unawasungira atate ako. Kunja dzina, m'kati mulibe kanthu."

Ankayembekezera kuti mlongo wake agwetsa nkhope, kapena akwiya n'kumuthamangitsa. Gilbert anatola chikutocho, nachitembenuza uku ndi uku, nachiyeza pakawindo. Nkhope yake inawala.

"Achemwali, inu ndinu anzeru! Zoonadi, pagalasi chimaoneka ndi chikuto chokha. Ndinali kuti ine? A Lawrence, dulani kathabwa muike m'katimu kuti lioneke lonenepa. Palibe angadziwe."

Pangodya ya chikutocho panali mwaye wa kukhitchini. Gilbert analavulira pampango wake n'kuyamba kupukuta dzina la atate ake ndi malovu, akuimba kanyimbo. Cecilia anatembenuka n'kuchokapo. Potuluka anapempha mmodzi wa adzukulu kuti amukumbire kadzenje kunja kwa manda, ndipo anakwiriramo masamba aja pamodzi ndi waya wake.

Atafika kunyumba anakhala pansi pa mango, kutali ndi tenti. Lydia anabwera mwakachetechete n'kukhala chapatali, ngati mwana wolakwa.

"Alamu, nanga kankhangako kanapola?"

Cecilia anakokera chikwama chake pafupi. "Tengani beseni la madzi ndi sopo."

Anasamba m'manja onse awiri, napukuta bwinobwino. Kenako Cecilia anamasula chitenje, naika buku pamiyendo ya Lydia kuti azitembenuza masamba ndi iyeyo, nayamba kuwerenga. Anawerenga za dzira, za nkhuku imene inafungatira mwana wosakhala wake, za mwendo wothyoka ndi kabango. Amayi a Chigwirizano anasiya nyemba n'kusendera pafupi, ena milomo ikuyenda limodzi ndi mawu. Atafika pamene nkhanga zakutchire zinabwera kudzaitana kumunda, Tisa n'kumasula chingwe ndi manja ake, Lydia anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Tsamba limeneli ndinakulungira zitumbuwa za dalaivala wa thiraki," anatero. "Ndikukumbuka chingwechi."

Loweruka anthu anabwera ambiri. Galimoto zinaima mpaka kumunda wa thonje. Abusa anapemphera, kwaya inaimba, ndipo nsalu yoyera itachotsedwa amayi analuluta. Alendo anapanikizana kuti ajambule kawindo kaja ndi mafoni. Nkhanga inaima pachulu kuseri kwa galasi, buku likuoneka lonenepa bwino.

Gilbert anavala suti yabuluu. Anawerenga mapepala ake onse mosadodoma ngakhale pamodzi, chifukwa anali atawaloweza. Anafotokoza kumene atate ake anabadwira, sukulu za mishoni zimene anaphunzitsako, ndi njinga imene ankayendera. Kenako anatsitsa mawu n'kugwira pachifuwa.

"Ife ana awo tasamala ntchito ya atate athu kuyambira tsiku limene anatisiya. Lero tawabwezera buku lawo lenileni, kuti ligone ndi mwiniwake mpaka kalekale."

Anthu anaomba m'manja. Bambo wina wokalamba wa ndodo anaimirira kumbuyo osaitanidwa n'kufuula kuti, "Tisa anatola dzira m'thengo!" Ndipo anthu onse pamandapo anayankha, akuluakulu a maphunziro ndi abusa omwe: "Silinali dzira la nkhuku!" Panali kuseka ndi kulira pamodzi. Mayi wina anafunsa mokweza ngati pali potsala pogula bukulo, kuti akawerengere adzukulu ake kunyumba.

"Mapulani alipo, amayi, mapulani alipo," anatero Gilbert, akupukuta thukuta ndi mpango womwe uja.

Cecilia anakhala pamkeka wa achibale, chikwama chili pamiyendo, manja onse ali pamwamba pake. Bambo Lawrence anali ataima patali pansi pa mtengo, ndipo maso awo atakumana, mmisiriyo anayang'ana nsapato zake. Pamene anthu ankabwerera kunyumba kukadya, Cecilia anamutsatira mayi wofunsa uja n'kumuuza pamene pali shopu yake ku Katete. Anali atatsimikiza mumtima kuti Lolemba adzapita ndi buku kwa Rachael, akalijambulitse pamakina tsamba ndi tsamba, ndipo iye mwini adzasoka masambawo ndi ulusi wa mayunifolomu.

Nyama ya mbuzi sanaidye. Kuyambira dzulo lake palibe chimene chinkatsika pakhosi. Anatsanzika kwa abusa ndi kwa azakhali, naitanitsa njinga yamoto. Gilbert anali pakati pa alendo akuseka, ndipo anangomukwezera dzanja.

"Muyende bwino achemwali! Zayenda bwino, eti?"

Cecilia analunjika kunjinga ija. Atakwera kale, Lydia anabwera akuthamanga kuchokera kukhitchini ndi kaphukusi kotentha.

"Simunadye kanthu, alamu. Mudye panjira."

Cecilia anaona kuti zitumbuwazo zakulungidwa m'pepala, ndipo anabweza dzanja msanga.

"Musaope, si a apongozi," anatero Lydia. "Awa ndi a bambo a Wisdom, aja amawerenga kumanda. Anawasiya pampando. Ndaona kuti amaliza nawo ntchito."

Mafuta anali atalowerera kale papepalalo, koma mutu wake unkawerengekabe: Moyo ndi Ntchito za Malemu Enock Nkhoma, wolankhula Gilbert Nkhoma. Cecilia anamuyang'ana mlamu wake. Nkhope ya Lydia inali phee, koma ngodya ya mlomo inkanjenjemera.

"Nalonso limamwa mafuta bwino," anatero Lydia.

Njinga inanyamuka. Asanafike pamsewu waukulu, Cecilia anali atadya zitumbuwa ziwiri. Chikwama sanachigwire mpaka atafika pa Sinda n'kupeza madzi ndi sopo.